Mkwapulo Umene Ndinadzidulira Ndekha

Inu ana anga amene mwalowa m'banja posachedwa, ndikulembera inu. Ndamva kuti ku mpingo kwathu kwayamba maphunziro a makolo, ndipo ena a inu mumatulukako mukuseka. Mumati munthu wa ndevu zake sangaphunzitsidwe kulera mwana amene anabereka yekha, ndiponso kuti zimenezi n'zobwera ndi alendo. Ine ndakalamba, choko ndinachisiya kalekale, ndipo sindikhumba kukangana ndi munthu. Koma ndinaona ndi maso angawa bambo wondibereka akuphunzitsidwa kulera, inu musanabadwe, ndipo ndikapanda kunena lero, nkhaniyi ipita nane kumanda.

Ndikaikumbukira nyengo imeneyo, chimene chimayamba kundifika ndi fungo la tiyi wodulidwa kumene. Inali miyezi ya chisanu, pamene amayi othyola tiyi ankapumitsa madengu awo, amuna n'kulowa m'minda ndi mipeni yokhota. Minda imene chaka chonse inkaoneka ngati mphasa yobiriwira yoyalidwa pa zitunda inkasanduka zitsa zotuwa, ndipo nthambi zodulidwazo zinkatulutsa kafungo kowawa, konyowa, kamene kankakanirira m'zovala. Chiperoni chinkatsika kuphiri ndi kuphimba malayini onse, tinyumba ta antchito a pa esiteti timene tinamangidwa mogundana, moti munthu akatsokomola m'nyumba imodzi, wa nyumba inayo ankati pepani. Amayi ankabwera kumunda atasenza mitolo ya nthambi za tiyi zoti zikhale nkhuni. Zinkayaka monyinyirika, utsi wake unkaluma m'maso, ndipo ife ana tinkaunjikana pamenepo ndi mapazi athu ong'aluka, ofiira ndi katondo.

Abambo anali kapitawo wa gulu la odulira tiyi. Anali munthu wamtali, wa khoti la khaki losatha kuchapidwa, ndipo m'mamawa uliwonse tinkadzuka ndi phokoso la mpeni wawo ukunoledwa pa mwala. Sankamwa mowa, sanali aulesi, ndipo pakhomo pathu sipanagone njala. Makolo awo anachokera ku Mozambiki pothawa chikoti cha atsamunda, koma chikoticho chinawatsata mpaka m'nyumba, pakuti nawonso analera ana awo ndi dzanja lolemera. Abambo ankakonda kunena kuti kuwongola mtengo n'poyamba, ndipo kuti tiyi wosadulira amasanduka mtengo wopanda ntchito. Ine ndi ang'ono anga awiri sankatiitana ndi mayina. Tonse tinali "iwe".

Pakhomo pathu panali lamulo limene makomo ambiri a m'malayini ankalidziwa. Mwana akalakwa, abambo sankafunafuna chomumenyera. Wolakwayo ankapita yekha pa mulu wa nthambi za tiyi, n'kusankha mkwapulo wake, n'kubwera nawo atagwada, ataugwira ndi manja awiri monga timaperekera madzi kwa mlendo. Ukasankha wowonda, ankakubweza kuti ukatenge wina. Tinakula tikudziwa kuyesa nthambi ndi chala monga ana ena amadziwira kusankha mango okupsa, ndipo sitinkaona chachilendo.

Tsiku lina amayi anandituma kukapereka chakudya cha masana kumunda. M'njira ndinapeza thirakitala itatitimira m'matope, amuna akuikankha akuimba, ndipo ndinaima kuonerera monga mwana aliyense akanachitira. Pamene ndinkafika, nthawi yopuma inali itatha. Abambo anandiyang'ana kamodzi. Anangoloza mulu wa nthambi ndi chibwano, antchito awo onse akuona. Ndinasankha mofulumira, osaona kuti nthambiyo inali ndi kachitsa kakuthwa pamene mpeni unadula mopendekera. Pomenya, ine ndinatembenuza mutu, ndipo kachitsako kanalowa m'khutu langa lamanzere. Ndikukumbukira kutentha kwa magazi akutsika m'khosi, ndi mipeni yonse ya m'mundamo italeka kulira nthawi imodzi. Mkulu wina anati, "Akapitawo, basi." Khutulo linatupa, thupi linatentha, ndipo amayi anandibereka kumsana, ngakhale ndinali nditapitirira msinkhu woberekedwa, mpaka ku chipatala cha mishoni ku Makwasa. Bala linapola. Khutu limenelo silinamvenso.

Nkhani inafika ku Khonjeni, kwa amalume, mchimwene wawo wamkulu wa amayi. Inu a masiku ano mwina mwaiwala mphamvu ya munthu ameneyu. Kwathu kuno ana ndi a kuchikazi, ndipo malume ndiye mwini mbumba: akanena kuti mlongo wake ndi ana abwerere kumudzi, mwamuna amangotsala ndi nyumba yopanda anthu. Amalume anali munthu wamfupi, mlimi wa chimanga, wa mawu otsika. Anafika wapansi, anakana madzi, ndipo anandikokera powala n'kuyang'ana m'khutu mwanga nthawi yaitali. Kenaka anaitanitsa ankhoswe. Ine ndinamva zonse ndili kuseri kwa chitseko, nditalozetsa khutu langa lamoyo.

"Alamu," anatero amalume, "ana awa ndi mbumba yanga. Ndinakupatsani kuti muwasunge, osati muwadulire ngati tiyi wa azungu. Ndibweranso kudulira kukatha. Ndikadzapeza mkwapulo ukugwirabe ntchito pakhomo pano, mlongo wanga ndi ana onse ndidzapita nawo."

Abambo anangowerama. Amene anayankha anali a Nampinga, kalipentala wa pa esiteti ndiponso mkulu wa mpingo, amene ankaimira abambo ngati nkhoswe popeza abale awo anali kutali. Anali nkhalamba yoyenda motsimphina, ya utuchi m'tsitsi, ndipo sindinali nditawamvapo akukweza mawu. "Ndisiyireni ine munthuyu," anatero. "Kulera ndi ntchito ngati ina iliyonse. Munthu amaiphunzira, ndipo amene anaphunzira molakwa angathe kuphunziranso."

Lamulungu lotsatira, titaweruka ku tchalitchi, a Nampinga anafika atanyamula timipando tiwiri tatifupi timene anakhoma okha. Ine ndinaganiza kuti n'ta ife ana. Koma anachotsa mpando waukulu wa abambo pakhonde, mpando umene ngakhale amayi sankaukhalira, n'kuikapo kamodzi ka timipandoto. Abambo anakhalapo, mawondo awo atafika pafupi ndi chibwano. Ine anandikhazika pa kenako, moyang'anana nawo. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinaona nkhope ya abambo molunjika, osati kuchokera pansi. Ndinaona kuti anali ndi kachipsera pa chikope, ndipo ndinadabwa kuti munthu ngati iwo analinso ndi khungu lotha kuvulala.

A Nampinga sanatsegule Baibulo, ndipo sanalalikire. Anangoti abambo andiitane. Abambo anati, "Iwe." A Nampinga anapukusa mutu. "Ayi, akapitawo, mwanayu ali ndi dzina. Munamutcha ndinu." Ndinaona milomo ya abambo ikuvutika ngati ya munthu wotafuna chinangwa chowawa, mpaka dzina linatuluka: Esinala. Linamveka ngati la munthu wina. Kenaka anawauza kuti andifunse funso limodzi lokha, lakuti ndaona chiyani tsiku limenelo, ndipo akafunsa akhale chete. Abambo anafunsa. Ine ndinangoyang'ana mapazi anga. Sipanapite nthawi, iwo anakalipa kuti ndiyankhe msanga. "Mwafunsa ndinu," anatero a Nampinga mofatsa. "Dikirani. Tiyambirenso." Ndipo abambo anga, munthu amene amuna a zikhatho ngati makasu ankamuvulira zipewa, anayambiranso ngati mwana wa kalasi yoyamba amene walakwitsa a e i o u.

Ndinachita mantha aakulu kuposa tsiku la kumunda lija. Ndinkayembekeza kuti abambo adzuka n'kumuponya mkuluyo kunja pamodzi ndi timipando take. Sanatero. Lamulungu lililonse a Nampinga ankabwera, ndipo ankasiya ntchito yoti abambo aichite m'kati mwa sabata. Anawaphunzitsa kuti mkwiyo ukakwera aziika manja kumbuyo, aziyenda mpaka pa mitengo ya bulugamu ya kumapeto kwa malayini, ndipo akabwerako anene cholakwa ndi mawu, n'kumuuza mwana mmene angachikonzere. Anawaphunzitsa kuti mwana akachita bwino azinena poyera kuti aona. Amayi nawo sanasiyidwe. Anauzidwa kuti aleke kutiopseza kuti "muona abambo anu akabwera", pakuti mawu amenewo ndiwo ankasandutsa kubwera kwa abambo kukhala chinthu choopsa.

M'malayini mulibe chinsinsi. Amayi akapita ku mpope, anzawo ankawalandira ndi nthabwala. "Anzathu, tipatseniko khuzumule mwawadyetsayo, nafenso amuna athu afewe!" Amuna nawo ankanong'onezana m'munda kuti akapitawo alowa sukulu ya kalipentala, ndipo awapala ngati thabwa mpaka asalale. Abambo ankamva zonsezi. Ndinkawaona akubwera ku ntchito nsagwada zitalimba, n'kudutsa pakhomo osaima, manja ali kumbuyo, ulendo wa ku mabulugamu.

Akuluakulu onse ankati zinthu zikuyenda. Palibe amene anafunsa chimene chinali mumtima mwanga. Ine sindinakhulupirire kanthu. Ndinataya mchere pansi, abambo anangondiuza kuti ndiwole wosadetsedwawo. Ndinapsereza nyemba, iwo anapita ku mabulugamu n'kubwerako n'kundionetsa mmene ndingachepetsere moto. M'nzeru zanga za umwana ndinapeza yankho limodzi lokha: abambo akusunga. Cholakwa chilichonse akuchiika pambali, ndipo amalume akadzabwera n'kubwerera, ndidzalandira zonse pamodzi, ndipo khutu lotsalalo lidzapita nalo. Ndinayamba kuwonda. Abambo akakweza dzanja kuti akande mutu, ine ndinkabisa nkhope. Mkwapulo umawawa n'kuleka, koma kuudikira sikunkaleka.

Kudulira kunatha, chiperoni chinayamba kuchepa, ndipo amalume anabwera monga ananenera. Linali Lamulungu la dzuwa lowala. A Nampinga analipo. Amayi anasesa bwalo mpaka kunkaoneka mizere ya tsache, ndipo anatulutsa kapu yathu imodzi yadothi, yoyera ndi timaluwa tabuluu, imene inkangotuluka kukabwera mlendo wolemekezeka. Anandipatsa ine kuti ndikapereke tiyi kwa amalume, kuti aone kuti mwana ali bwino. Pogwada, bondo linaponda nsalu yanga, ndipo kapu inagwa pa simenti ya khonde n'kusweka pakati.

Sindikumbukira kuti ndinaganiza kanthu. Miyendo inangonditenga yokha. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba, pa mulu wa nkhuni, ndinasankha nthambi yonenepa bwino imene sakanandibweza nayo, ndinaisadza timphanda tonse mosamala, ndipo ndinabwerera. Ndinagwada pamaso pa abambo, n'kuipereka ndi manja awiri.

Amayi anagwira pakamwa. Amalume anaimirira pang'onopang'ono, akuyang'ana mkwapulowo, ndipo nkhope yawo inada. Kwa iwo umboni unali utakwana, pakuti mwana sachita chinthu chotere mwaluso chonchi pokhapokha akuchichita masiku onse. "Mlongo," anatero, "manga katundu." Pamenepo m'pamene ndinazindikira chimene ndinachita, kuti ndi manja anga ndapasula banja la amayi anga. Madzi akatayika saoleka. Ndinayang'ana a Nampinga kuti atipulumutse, koma iwo anangoyang'ana pansi, manja ali pa ndodo yawo, osanena kanthu ngakhale liwu limodzi.

Abambo anaimirira, ndipo ndinaona mtsempha wa pakhosi pawo ukugunda. Manja awo anapita kumbuyo, limodzi litagwira linzake zolimba ngati akugwira mbala. Ku mabulugamu sakanatha kupita, pakuti akanabwerako atapeza nyumba yopanda anthu. Tsono anachita chinthu chimene anthu a m'malayini, amene anali atayamba kale kusuzumira m'makhonde mwawo, anachikamba mpaka mvula. Anatsika pakhonde n'kukhala pansi penipeni, pa dothi, ndi buluku lawo la ku tchalitchi.

"Esinala," anatero. "Wakutuma ndani?"

"Palibe."

"Nanga wabweretseranji?"

Ndipo anadikira. Amalume anali chiimire. Mng'ono wanga wakhanda ankalira m'nyumba, koma palibe anasuntha. Abambo sanandifulumize, sanandiyankhire, ndipo kudikira kwawoko kunakankha mawu amene ndinawasunga nyengo yonse ija.

"Ndimenyeni lero kuti zithe," ndinatero. "Za mchere, za nyemba, zonse zimene mwasunga zija. Ndatopa ndi kudikira."

Sindinaonepo nkhope ya munthu wamkulu ikugwa chomwecho. Pamene abambo anayankhula, anayamba ndi liwu la Chilomwe limene sanaliyankhulepo kwa ife, liwu limene amayi awo ankawaitana nalo ali mwana. "Mwanaka," anatero, "palibe chimene ndasunga." Kenaka anatembenukira kwa amalume, akadali pansi pomwepo. "Alamu, mwadzimvera nokha. Chichokereni tsiku lija sindinamukhudze. Koma mkwapulo uli m'kati mwake, ndipo anauikamo ndine. Chimene mungagamule sindikana."

Amalume anakhalanso pa mpando. Anatembenuzatembenuza chipewa chawo m'manja. Chigamulo chawo sichinakondweretse aliyense. Amayi ndi ang'ono anga anatsala. Ine ananditenga. Anati mtima wa mwanayu uli m'mwamba, ndipo sungatsike pakhomo pomwe unakwerera. Sanatchule tsiku lobwerera. "Adzabwera akadzafuna yekha," anatero. "Njira ya ku Khonjeni mukuidziwa, alamu."

Ndinapita ndikulira, ndikukhulupirira kuti chilango chija chafika tsopano mwa njira ina. Koma Lamulungu lotsatira, dzuwa lili pamutu, ndinaona munthu wamtali akutsika njira ya pakati pa minda ya chimanga yokololedwa, fumbi litamufika m'mawondo, kampando kakafupi kali paphewa. Ana a m'mudzimo anamutsata akuseka. Anali abambo. A Nampinga anawaperekeza ulendo woyamba wokha, ndipo pambuyo pake anati mwendo wawo sukulola, ayende okha. Abambo ankaika kampando kawo pansi pa mtengo wa mango, mbali ya khutu langa lakumva, chinthu chimene palibe anawauza, n'kufunsa kuti ndaona chiyani sabata imeneyo. Masabata oyamba ndinkati palibe. Ankadikira, ankamwa madzi, n'kunyamula kampando kawo kubwerera, kuti m'mawa mwake akapezeke pa ntchito.

Pang'onopang'ono ndinayamba kuwauza tinthu. Ndinawauza za mbuzi ya amalume imene inabereka ana atatu, ndi za sitima imene inkaima pa siteshoni ikupuma utsi ngati ng'ombe yotopa. Tsiku lina iwo ananena kuti sitimayo imamwa madzi kutsogolo, pamphuno pake. Ine ndinali nditaionerera bwino. "Ayi, abambo, si choncho," ndinatero, ndipo nthawi yomweyo ndinabisa nkhope, pakuti ndinali nditatsutsa abambo anga pamaso pawo. Iwo anandiyang'ana, n'kukoka kampando kawo kuyandikira. "Tandiuza ndiye," anatero.

Mvula yoyamba itagwa, Lamulungu lina pamene ankanyamula kampando kawo, ine ndinakulunga zovala zanga mu nsalu n'kuima pambuyo pawo. Amalume anandiona. Anangothyola nzimbe n'kundipatsa kuti ndizidya m'njira.

Sindikunamizani kuti abambo anasanduka mngelo. Anakhalabe munthu wa mtima wapachala mpaka imfa yawo, ndipo njira ya ku mabulugamu inaperepeseka ndi mapazi awo. Koma dzanja lawo silinatsikenso pa mwana. Ndili mwana ndinkaganiza kuti a Nampinga anali ndi mankhwala, kuti anawagonjetsa abambo anga monga amagonjetsera ng'ombe ya pangolo, ndipo kuti tsiku la kapu lija anatisiya tokha chifukwa cha mantha. Ndinadzamva nditakula, pa maliro a kalipentalayo, kuti mwana wawo woyamba anathawa ndodo yawo ali mnyamata, napita ku migodi ya kum'mwera, ndipo sanabwerenso. Ankaphunzitsa zimene iwo anaziphunzira mochedwa. Ndinazindikiranso kuti anakhala chete dala, pakuti akanayankhula iwo, amalume akanamva nzeru za kalipentala, osati kusintha kwa mlamu wawo. Ndipo pa zaka zanga zonse za uphunzitsi, ndikakweza dzanja kuti ndilembe pa bolodi n'kuona mwana wa kutsogolo akubisa mutu, ndinkadziwa kuti kwawo kuli kholo limene limamukonda monga abambo ankandikondera, koma palibe analiphunzitsa chochita ndi manja ake.

Tsono inu ana anga, wina akadzipereka kukuthandizani kulera, musamuyese mdani wa ulemu wanu. Mukasiya ndodo, muuzeni mwanayo ndi pakamwa kuti mwaisiya, pakuti iye sadziwa za mumtima mwanu. Muitaneni ndi dzina lake, khalani pansi, mufunseni funso limodzi, ndipo musatsegule pakamwa mpaka atamaliza kuyankha.